Lipoti la wodwala: chotupa m'chikhodzodzo ndi impso yotupa mwa msodzi wa ku Salima

Lipotili ndalembera anzanga a m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, makamaka makiliniko ofesa ndi anamwino amene ayamba kumene kugwira makina a sikani. Mwini nkhaniyi anavomera kuti ndiilembe. Dzina lake, mudzi wake ndi masiku enieni ndazisiya.

Wodwala ndi dandaulo lake

Ndi bambo wazaka 41, msodzi wa usipa ndi utaka, amene anakulira kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Lifuwu. Anafika ku OPD, kumene timaonera odwala osagonekedwa, kumapeto kwa dzinja ali ndi mkazi wake, akudandaula kuti m'nthiti mwa kumanzere, chakumsana, mwakhala mukupweteka kwa miyezi 5. Ululuwo sunali wobaya kapena wotsikira kumaliseche monga umachitira wa mwala wa mu impso. Unali wolemera, wosachoka, ndipo unkakula akamwa madzi ambiri. Ankakodza pafupipafupi, usiku kanayi kapena kasanu, mkodzo ukuwotcha pomaliza.

Za magazi sanatchule mpaka nditafunsa ndekha. Anaseka pang'ono.

"Aaa, adokotala, amenewo ndi akalekale. Ndinayamba ndili ku pulayimale. Anyamata tonse kwathu tinkakodza choncho."

Mkazi wake ndiye anawonjezera, akuyang'ana pansi: "Koma masiku ano bambowa akumatulutsa oundana. Kale anali madontho chabe pomaliza."

Mawu a mayiwo ndi amene anasintha nkhani yonse. Magazi a pomaliza kukodza mwa mwana wa kunyanja ndi likodzo, palibe amene sadziwa. Magazi oundana mwa munthu wazaka 41 amene wakodza magazi kwa zaka zoposa 30 amafunsa funso lina.

M'buku lake la kuchipatala munali mankhwala a matenda a njira ya mkodzo katatu m'chaka chimodzi, ciprofloxacin kawiri ndi cotrimoxazole kamodzi, ochokera m'zipatala zazing'ono zosiyanasiyana. Mkodzo wake sunayezedwepo pa maikulosikopu. Praziquantel, mankhwala a likodzo, sanamwepo chikulire: wogawidwa m'masukulu sanamupeze, ndipo alangizi a zaumoyo akamagawa m'mudzi iye amakhala ali panyanja. Amasuta chingambwe tsiku ndi tsiku. Sankatsokomola, sankatuluka thukuta usiku, thupi silinkatentha, koma ananena kuti lamba wabwerera bowo limodzi.

Pomuyeza

Sikelo inali makilogalamu 56, BP 146/92, kugunda kwa mtima 84 pa mphindi, kutentha kwa thupi 36.8. M'maso munali motuwa pang'ono, mapazi osatupa. Pogogoda kumsana pamalo a impso ya kumanzere ankadzidzimuka. Pansi pa mchombo pankapweteka podina, koma chotupa sichinkamveka. Nsonga ya kapamba inkagwirika akapuma mozama. Prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, inali yaing'ono bwinobwino, yosalala.

Kukonzekera sikani

Anali atamwa tiyi ndi chinangwa m'mawa. Pofuna kuona ndulu timapempha munthu kuti asadye kwa maola 6 mpaka 8, chifukwa chakudya chimafinya ndulu ndipo chimadzaza mpweya m'matumbo. Koma funso langa silinali la ndulu. Linali la chikhodzodzo ndi impso, ndipo zimenezi zimafuna chinthu chimodzi, chikhodzodzo chodzaza. Ndinamupatsa madzi pafupifupi lita imodzi, n'kumuuza kuti asakodze mpaka ndimuitane. Munthu amene wabwera pa kabaza kuchokera kudooko sindimubweza kuti akabwere mawa asanadye ngati funso lake lingayankhike lero, chifukwa ambiri akabwezedwa sabweranso.

Anafunsa ngati makinawo amawotcha magazi, monga anthu amanenera za X-ray. Ndinamufotokozera kuti sikani ilibe cheza. Kachida kamene timayendetsa pamimba, probe, kamatumiza mafunde a mawu okwera kwambiri moti khutu silingamve. Khutu la munthu limathera pa mafunde 20,000 pa sekondi, pamene probe ya m'mimba imene ndinagwiritsa ntchito imatumiza 3.5 miliyoni. Mafundewo akagunda chiwalo amabwerera, makina n'kupanga chithunzi. Madzi amaoneka akuda, mnofu wotuwa, mwala ndi fupa zoyera zili ndi mthunzi kumbuyo. Mpweya umatchinga zonse, n'chifukwa chake timapaka jelo pakhungu.

Sikani yoyamba

Ndinayamba ndi chikhodzodzo chisanadzaze mopitirira muyezo. Munali mkodzo pafupifupi mamililita 340, powerengera kutalika, kufupika ndi kuya kwake n'kuchulukitsa ndi 0.52. Chikhodzodzo chabwino chikadzaza, pochidula mopingasa chimaoneka cha ngodya zinayi zofewa, khoma lake lopyapyala ndi losalala. Ichi chinali chobulungira ndi chokhota. Khoma la kumbuyo linali lokhuthala mamilimita 8, lamabampu, ndipo m'malo ena munali mzere woyera wowala, chizindikiro cha mazira akale amene anauma n'kusanduka laimu m'khomamo.

Poyeza ndimatsata ndondomeko ya WHO imene inakonzedwa pa msonkhano wa ku Niamey mu 1996. Imasiyanitsa khoma losasalala chabe, khoma lokhuthala kupitirira mamilimita 5, ndi chotupa chimene chapitirira mamilimita 10. Ubwino wake ndi wakuti munthu wina akadzajambula wodwala yemweyo amayeza zomwezo, ndipo manambala athu amayankhulana.

Zotupa zinalipo zitatu. Ziwiri zinali zazing'ono, za mamilimita 11 ndi 12, padenga la chikhodzodzo. Chachitatu chinali cha masentimita 2.3 kwa 1.5, chotakata patsinde, kumbuyo chakumanzere, pamalo penipeni pamene ureter, kanjira kotsitsa mkodzo kuchoka ku impso, kamalowera m'chikhodzodzo.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa magazi oundana pa sikirini amaoneka chimodzimodzi ndi chotupa, ndipo bamboyu anali nawo. Ndinamugoneka chammbali kumanja, kenako kumanzere, probe ili pomwepo. Kachidutswa kamodzi kotuwa kanagubuduka kutsata kumene thupi lapendekera. Amenewo anali magazi. Zitatu zija sizinasunthe. Mwala ukanasuntha, ndipo ukanaponya mthunzi wakuda kumbuyo, koma panalibe. Nditayatsa Doppler, mbali ya makina imene imaonetsa kuyenda kwa magazi, ndinaona timitsempha tochepa patsinde pa chotupa chachikulu, umboni wakuti ndi mnofu wamoyo. Kupitirira apo Doppler sinandiuze kanthu, poti mnofu wotupa ndi likodzo nawonso umayenda magazi.

Ureter wabwino nthawi zambiri saoneka n'komwe pa sikani. Wa kumanzere ankaoneka bwinobwino kuseri kwa chikhodzodzo, wakuda, wotakata mamilimita 9. Ndinayang'ananso mkodzo ukuthovokera m'chikhodzodzo: kumanja unkatuluka mwamphamvu mobwerezabwereza, kumanzere ndinaona kamodzi kokha, kofooka.

Impso ya kumanzere inali yotalika masentimita 12.6. Pakati pake, pamene pamayenera kuoneka poyera, panali pakuda, pofufuma ndi mkodzo wobwerera, ndipo nthambi zake zinali zitatakata n'kubulungira. Mnofu wake unali utapyapyala kufika masentimita 1.0. Ya kumanja inali masentimita 10.9, mnofu wake masentimita 1.7, koma nayonso inali ndi mpata wakuda pang'ono pakati.

Ndikanalemba pomwepo kuti impso zonse ziwiri zatupa, lipotilo likanakhala labodza. Chikhodzodzo chodzaza kwambiri chimatha kubweza mkodzo pang'ono ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Ndinamutumiza kukakodza, m'botolo la ku labu kuti tiphe ziwiri nthawi imodzi popeza inali itakwana 11 koloko, nthawi yabwino yofufuza mazira a likodzo mumkodzo, ndipo ndinadikira kanthawi ndisanajambulenso. Mpata wa kumanja unali utatsekeka. Wa kumanzere unali momwemo. M'chikhodzodzo munatsala mamililita 45.

Ngakhale funso linali la mkodzo, mimba yonse ndinaiyenda. Chiwindi chinali chosalala, cha masentimita 14, chopanda zotupa komanso chopanda mikwingwirima yoyera yozungulira mitsempha imene likodzo la m'matumbo limasiya. Mtsempha waukulu wolowa m'chiwindi unali mamilimita 11. Kapamba anali masentimita 13.4, wokulirapo pang'ono, zimene kuno kwa malungo timazipeza tsiku lililonse. Mwanabele wotupa m'mbali mwa mitsempha ikuluikulu sindinamuone, madzi otayikira m'mimba munalibe. Ndulu inali yofinyika chifukwa cha chinangwa chija, ndipo ndinalemba kuti sinaunikidwe mokwanira. Chimene sunachione bwino ndi bwino kuchilemba choncho kusiyana ndi kulemba kuti chili bwino.

Zochokera ku labu

Mkodzo unali ndi magazi 3+, puloteni 1+, maselo oyera ambiri, nitrite (chizindikiro cha mabakiteriya mumkodzo) palibe. Pa maikulosikopu munapezeka mazira ambiri a Schistosoma haematobium, nyongolotsi yoyambitsa likodzo la m'chikhodzodzo, odziwika ndi kaminga kakumapeto, ena amoyo ena ouma. Mazirawa amatuluka ochuluka pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, choncho mkodzo wa m'bandakucha ukhoza kunamiza. M'chimbudzi munalibe mazira a Schistosoma mansoni, ya likodzo la m'matumbo. Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi) inali 9.8, creatinine (muyezo wa mmene impso zikugwirira ntchito) 121, shuga wabwino, malungo palibe, HIV palibe. X-ray ya pachifuwa inali yoyera.

Zimene ndinaganizira

Mazira atapezeka, zinali zosavuta kutseka buku: likodzo, praziquantel, pitani bwino. Koma mazira amangotsimikiza kuti munthuyo ali ndi likodzo. Satsimikiza kuti chotupa chilichonse cha m'chikhodzodzo chake ndi cha likodzo basi. Kunyanja kuno munthu wa khansa ya chikhodzodzo nayenso kawirikawiri amakhala ndi mazira mumkodzo.

Chimachitika n'chakuti tizilombo timachoka mu nkhono za m'madzi, n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kukoka khoka kapena kuwokera mpunga. Nkhono za mtundu wa Bulinus globosus zimakonda m'mabango, m'madambo ndi m'ngalande, ndipo kumwera kwa nyanja ya Malawi ofufuza anapeza kuti Bulinus nyassanus, imene imakhala mumchenga wa panyanja yeniyeni, nayonso imafalitsa. Tinyongolotsi tikakula timakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kwa zaka zingapo, tikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Ena amatuluka ndi mkodzo, amenewo ndi amene amabweretsa magazi. Ambiri amakanirira m'khoma. Thupi limawazinga ndi mnofu wotupa, ndipo pakapita zaka mnofuwo umasanduka chipsera cholimba. Mnofu wotupa umaphwa munthu akamwa mankhwala, makamaka mwa ana. Chipsera sichiphwa. Chikakhala pakhomo pa ureter chimafinya njira, mkodzo n'kubwerera ku impso mwakachetechete.

Pamwamba pa zimenezi pali khansa. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika Schistosoma haematobium m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu mu 1994. Khansa yake nthawi zambiri ndi ya mtundu wa squamous cell, ndipo imagwira anthu adakali ndi mphamvu, azaka za m'ma 40 ndi 50. Wodwala wanga anali pa msinkhu womwewo, wosuta, wochepa thupi, magazi ake atasintha maonekedwe.

Choncho pa chotupa chachikulu chija panali zinthu zitatu zotheka: mnofu wotupa ndi mazira, chipsera chakale, kapena khansa. TB ya njira ya mkodzo ndinaiganiziranso chifukwa cha maselo oyera opanda nitrite, koma inali kumunsi kwa mndandanda. Sikani siingasiyanitse zitatuzi. Imapereka malo, kukula, ndi zimene chotupacho chikuchita ku impso. Dzina lake limachokera kwa amene walowetsa kamera m'chikhodzodzo, cystoscopy, n'kudula kachidutswa kokayeza. Pa lipoti ndinalemba "chotupa chomata ku khoma, masentimita 2.3 kwa 1.5, chotsekereza ureter wa kumanzere, khansa siinachotsedwe pa zotheka". Mawu oti khansa kapena oti likodzo chabe sindinawalembe ngati yankho.

Chithandizo ndi kukambirana

Praziquantel ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Pa makilogalamu 56 ndi mamiligalamu 2,240, ndiye ndinamupatsa mapilisi 4 a mamiligalamu 600, atadya kaye, n'kumuchenjeza za chizungulire ndi kupotokola m'mimba. Mankhwalawa sapha tinyongolotsi tating'ono timene tangolowa kumene, ndipo iye ankalowa m'madzi tsiku lililonse, choncho ndinakonza zoti adzamwenso pakatha milungu 4. Ndinawonjezera mapilisi owonjezera magazi. Ndinamuletsa brufen ndi diclofenac zimene ankagula pa okala, chifukwa impso imodzi inali kale pamavuto. BP ndinati tiyezenso akadzabwera tisanayambe mankhwala.

Kalata yopita kwa madokotala a njira ya mkodzo ku Kamuzu Central Hospital ndinalemba tsiku lomwelo. Apa ndi pamene tinasiyana maganizo. Ku chilumba cha Mbenje, kumene malamulo a mfumu Makanjira amatseka usodzi nyengo ya dzinja, kunali pafupi kutsegulidwa mu April, ndipo iye anali atalonjeza kale mwini chilimira kuti apita. Ndalama ya chaka chonse imachokera kumeneko. Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchoka ku Salima, thiransipoti ya anthu awiri, chakudya, ndi masiku osadziwika.

"Mwati ndi likodzo, mankhwala mwandipatsa. Nanga ku Lilongwe ndikatani, adokotala?"

Ndinamutembenuzira sikirini n'kumuonetsa impso ziwirizo moyandikana. Ndinati, bambo, inu mwakulira ku Lifuwu, mukudziwa zimene zimachitika ngalande ikatsekeka kumunsi: madzi amabwerera, munda wa kumtunda n'kumira. Impso iyi ikumira, ndipo chimene chatseka njira sindingachidziwe ndi makina awa. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, koma sanavomere. Tinagwirizana pakatikati: abwere pakatha milungu 4 kudzamwanso mankhwala, ndipo pa milungu 6, asanakwere boti, tijambulenso. Chotupa chachikulu chikapezeka chilipobe, apita ku Lilongwe osati ku Mbenje. Mkazi wake ndiye anasunga buku.

Kwa ine kudikira kumeneku sikunali koyenera kwa munthu wa msinkhu wake. Mwana wazaka 10 wokhala ndi chithunzi chomwechi ndikanamupatsa mankhwala n'kudzamujambulanso patapita miyezi ingapo ndili ndi mtima wokhazikika. Wamkulu amene ali ndi chotupa chotakata patsinde ndi impso yotsekeka ayenera kupita popanda kudikira zotsatira za praziquantel. Milungu 6 inali malire amene iye akanatha kuvomera, ndipo ndinalemba m'buku kuti ndamulangiza kupita nthawi yomweyo.

Sikani yachiwiri

Anabwera maulendo onse awiri. Pa milungu 6 magazi ooneka ndi maso anali atasiya, kukodza kwa usiku kutatsika kufika kawiri, Hb 10.9. Mumkodzo munali mazira ochepa ouma okhaokha. Iye anabwera atanyamula kale chikwama cha kunyanja, akudziona kuti wachira.

Ndinayesetsa kuti zonse zifanane ndi tsiku loyamba: makina omwewo, probe yomweyo, chikhodzodzo chodzaza mofanana, mamililita 320. Izi n'zofunika, chifukwa khoma la chikhodzodzo chosadzaza limaoneka lokhuthala ngakhale lili bwino, ndipo kufanizira chodzaza ndi chosadzaza kumabala kuchira kapena kudwala kwabodza.

Khoma linali litatsika kufika mamilimita 6. Mwa zotupa ziwiri za padenga, chimodzi chinali chitasowa, china chitatsala kabampu ka mamilimita 5. Chachikulu chinali masentimita 2.2 kwa 1.5. Kusiyana kwa milimita imodzi pa sikani si kusintha, ndi dzanja la woyeza. Ureter wa kumanzere anali mamilimita 9 monga kale, impso yofufuma chimodzimodzi asanakodze ndi atakodza. Creatinine 118, BP 150/94.

Zithunzi ziwirizi pamodzi zinanena zimene chimodzi chokha sichikanatha. Mankhwala anagwira ntchito, umboni wake ndi zotupa zazing'ono zija. Ndiye chimene chinakana kuphwa sichinali mnofu wotupa wamba. Chinatsala ndi chipsera kapena khansa. Ndinamuonetsa zonse ziwiri, chakale ndi chatsopano. Sanatsutse. Anapita ku Lilongwe mlungu wotsatira, atayamba mankhwala a BP, amlodipine ya mamiligalamu 5.

Zochokera ku Lilongwe

Kalata yobwerera inanena kuti pa cystoscopy anapeza timadontho tachikasu tokhakhala ngati mchenga pakhoma, chizindikiro chodziwika cha likodzo lakale, ndi chotupa cholimba pakhomo pa ureter wa kumanzere. Anachipala n'kutumiza ku labu. Zotsatira zinaonetsa chipsera chodzaza mazira ouma, ndi khungu la m'kati limene layamba kusintha mtundu, squamous metaplasia, koma khansa sanaipeze. Kumunsi kwa ureter kunali kofinyika, ndipo anaikamo stent, kapaipi ka pulasitiki kotsegula njira kuchoka ku impso kufika m'chikhodzodzo.

Zotsatirazi n'zabwino koma si zomasula. Khungu losintha chotere, m'chikhodzodzo chimene chakhala chikunyerezedwa zaka 30, mwa munthu wosuta, ndi malo amene khansa ya squamous imamera. Komanso kachidutswa kamanena za pamalo pamene kadulidwa.

Sikani yachitatu

Patatha miyezi 3 stent ili m'malo, mizere yake iwiri yoyera inkaoneka pakati pa impso, nsonga yake yopindika ili m'chikhodzodzo. Kufufuma kunali kutachepa kwambiri, impso itabwerera pa masentimita 11.2. Mnofu wake unali masentimita 1.1. Mkodzo wobwerera unachoka, koma mnofu umene unatha sunamerenso, ndipo sindiyembekezera kuti udzamera. Pamalo a chotupa panatsala khoma lokhuthala mamilimita 7, losasalala. Creatinine inali 104, Hb 12.1, BP 132/84. Ululu wa kumsana unatha, ngakhale amamva kulasa pang'ono pomaliza kukodza, zimene stent imachita kawirikawiri.

Stent siikhala m'thupi mpaka kalekale. Ikaiwalika imamera miyala, imatseka, ndipo impso imene timaipulumutsa imatha kufa nayo. Kwa msodzi amene amatha miyezi ali pachilumba ngozi imeneyi ndi yeniyeni. Tsiku lokachotsa limene anapatsidwa ku Lilongwe ndinalilemba ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku lake, ndinauza mkazi wake pamaso pake, ndipo ndinadziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo iye atavomera.

A pabanja pake

Ndinapempha kuti mkazi ndi ana atatu abweretse mkodzo. Mazira anapezeka mwa mayiwo ndi mwa ana awiri. Onse anamwa praziquantel molingana ndi sikelo. Mayiwo ananena kuti amatuluka magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wawo, ndiye ndinawatumiza kukayezedwa khomo la chiberekero, ndikulemba m'kalata kuti ali ndi likodzo, popeza mazira omwewa amasiya zilonda kumeneko zimene zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana kapena khansa. Mwana wamkulu, wazaka 13, ndinamujambula: khoma la mamilimita 7 ndi kachotupa kamodzi, impso zonse zili bwino. Patatha miyezi 6 chikhodzodzo chake chinali chosalala.

Dongosolo la kutsogolo

Bamboyu sangasiye nyanja, ndipo sindinataye nthawi kumuuza kuti asiye. Adzatenganso likodzo. Tagwirizana kuti azimwa praziquantel chaka chilichonse, nyengo ya usodzi ikatha. Stent ikachotsedwa ndidzamujambula pakatha milungu 6 kuti ndione ngati njira yatsekekanso. Ikatsekeka, a ku Lilongwe ananena kuti adzafunika opaleshoni yodula pofinyikapo n'kulumikizanso ureter ku chikhodzodzo. Kuchoka apo ndi sikani ya chikhodzodzo ndi impso, creatinine ndi BP miyezi 6 iliyonse, komanso cystoscopy ina pa tsiku limene iwo alemba. Magazi oundana akangobwerera abwere nthawi yomweyo, asadikire tsiku lake. Fodya wachepetsa koma sanasiye.